Kutopa kwa achemwali m'Chingerezi

Ndaphunzitsa Chingerezi pa sekondale ina pa Mangochi boma kwa zaka zambiri, ndipo ndili ndi khalidwe loipa lokonza anthu pakamwa. Ngakhale wakabaza akapotoza mawu, ine lilime limandiyabwa. Anzanga amati ndidzakonza ndi shehe yemwe pa maliro anga. Ndiye achemwali anga atagwa m'mavuto chifukwa cha mawu a Chingerezi, banja lonse linayang'ana kwa ine, nanenso ndinadzimva kuti nthawi yanga yakwana.

Achemwaliwa ndi oyamba kubadwa kwathu. Ankagwira ntchito yochapa ndi kusita pa hotela ina ya kunyanja, kupitirira Makokola. Anayamba ine ndikadali ku pulayimale, ndipo alamu anga atamwalira, ana anayi ankadya kuchokera pa simbi yomweyo. Panalibe munda, panalibe bwato.

Lachitatu lina m'mwezi wa Okutobala anandiimbira foni nthawi ya buleki.

"Achimwene, ntchito yatha."

"Mwalakwa chiyani?"

"Akuti ndasiya ndekha. Ine sindinasiye."

Ndinakwera minibasi nditaweruka. Nkhani yake inali iyi. Kochapirako ankakhala anthu asanu, koma awiri anachoka ndipo a hotela sanalembe ena. Sabata imeneyo kunali ukwati, kenako msonkhano wa anthu ochokera ku Lilongwe. Bwana wamkulu wa hotelayo, mayi wachizungu yemwe onse ankangomuti madamu, anapeza matawulo ali mulu osasitidwa, nafunsa chifukwa chake. Achemwali, omwe Chingerezi anachitola m'makonde a hotela, anayankha kuti, "Madam, I am tired of this work." Madamu anangoti pepani. M'mawa mwake kapitawo anawauza kuti madamu avomera kuti asiye, amalize mwezi wokhawo.

Nditamva chiganizocho ndinagwira mutu. Kwathu ukati ndatopa ndi ntchito, womva amayang'ana nkhope yako kuti adziwe ngati ndi thupi kapena ndi mtima. Mzungu sayang'ana nkhope, amamvera kamawu kotsatira. Tired from work ndi thupi, munthu wagwira ntchito ndipo akufuna kupuma. Tired of work ndi mtima, ntchitoyo yakukwana, sukuifunanso. Ndinawafotokozera achemwali zonsezi ndi chala m'mwamba ngati ndili m'kalasi. Iwo ankangoyang'ana pansi. Ndinaganiza kuti ndi manyazi.

Kapitawo anatipezera mpata woonana ndi madamu Lachisanu m'mawa. Lachinayi nditaweruka ndinakhala pakhonde ndi dikishonale, kusankha mawu oti ndikamenyere nkhondo. Tired ndinamutaya, chifukwa madamu akanati tonse tatopa. Worn out ndinamuopa. Amanenera nsapato kapena buluku lotha, ndipo chinthu chotha anthu amataya n'kugula china. Fatigue ndi wakuchipatala, akanafuna kalata ya dokotala yomwe tinalibe. Exhausted anandikomera. Ndi munthu woti mphamvu zatheratu ngati thanki yopanda madzi, koma madzi akabwera imadzazanso.

Panali mawu enanso amene ndinawamva koyamba pa maphunziro a aphunzitsi, akuti burnt out. Nditawatchula pa foni, achemwali anadzidzimuka.

"Musakanene zakupsa kumeneko! Ine sindinawotchepo nsalu ya mlendo."

Ndinaseka, n'kuwauza kuti sakunena za simbi. Koma nditawerenga tanthauzo lake bwinobwino, kuseka kunatha. Ndi munthu amene wagwira ntchito yolemetsa nthawi yaitali mpaka china chake chazima mkati. Amagona koma sapuma. Zimene ankazisamala sazisamalanso. Ndinakumbukira kuti achemwali, amene kale ankasita ngakhale mipango ya m'nyumba, tsopano ankatumiza ana kusukulu ndi yunifolomu yokwinyika. Ndinatseka bukulo msanga. Sindinawafunse kanthu, ndipo ndikuvomera kuti ndinkaopa yankho.

Lachisanu tinalowa mu ofesi yozizira ngati mufiriji. Madamu anakhala kuseri kwa tebulo, kapitawo anaima pafupi ndi khomo. Anali bambo wa ku Katuli, womva Chiyao, Chichewa ndi Chingerezi chomwe. Achemwali anakhala kumapeto kwenikweni kwa mpando, manja ali pamaondo.

Ndinalankhula bwino tsiku limenelo, sindinama. Ndinafotokoza kuti m'chinenero chathu kamawu kamodzi kamanyamula of ndi from yemwe, kuti achemwali ankatanthauza exhausted, kuti anthu atatu akugwira ntchito ya anthu asanu. Madamu sanali munthu woipa. Anamvetsera osandidula, nkhope yake inafiira, ndipo anapepesa. Ndinaona kuti tapambana, mtima unayamba kukhala pansi.

Kenako madamu anatembenukira kwa achemwali, koma akulankhula ndi ine. Anati akufuna amve kwa mwini wake. Ngati ndi exhausted chabe, awapatsa sabata yopuma ndipo malo awo awasungira. Koma ngati ali burnt out, sabata siingathandize, ndipo kuwakakamiza kubwerera kungakhale nkhanza. Iye mwini, anatero, zinamuchitikirapo kwawo. Anandiuza kuti ndiwafunse.

Ndinamasulira funsolo mokhulupirika, mawu ndi mawu, poganiza kuti achemwali akudziwa chimene tabwerera.

Makina oziziritsa mu ofesimo ankangolira. Achemwali ananena motsitsa m'Chiyao chathu cha kunyumba, "Mbesile," kutanthauza kuti ndatopa. Anapitiriza m'Chichewa, osayang'ana munthu aliyense.

"Auzeni kuti tsiku lija anamva bwino. M'mawa ndikangoona geti la hotela ino, nseru imandigwira. Ngakhale ndigone mwezi, ndidzadzuka ndili chimodzimodzi. Auzeni choncho, achimwene."

Madamu ankandiyang'ana, akudikira. Kapitawo nayenso ankandiyang'ana, ndipo iyeyu anali atamva zonse. Ndinaganiza za ana anayi aja, wamkulu ali fomu 3. Ndinaganiza za malipiro anga a uphunzitsi, omwe sakanatha kudyetsa nyumba ziwiri. Ndinapsa mtima ndi achemwali, ndinene zoona. Ndinkafuna kuwagwedeza mapewa.

Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "She is only exhausted, madam. She loves her work."

Madamu anakwinya nkhope pang'ono. Mwina anaona kuti mawu a achemwali anali ambiri kuposa anga. Anafunsa kapitawo ngati n'zimene zanenedwa. Bamboyo anayang'ana achemwali, anayang'ana ine, anatsokomola, kenako anati, "Yes, madam." Mpaka pano sindidziwa ngati ankathandiza achemwali kapena ankaopa kutsala ndi anthu awiri kochapira.

Madamu anamwetulira, nagwira achemwali dzanja, nawauza kuti akapume, adzaonane sabata ikatha.

Ine ndi achemwali tinayenda mpaka kumsewu. Dzuwa linali litakwera, phula likununkha. Minibasi ziwiri zinadutsa zodzaza. Ine ndinali nditakonza kale zoyankha akandikalipira, za ana, za sukulu, za kusowa kwa ntchito masiku ano. Sanandikalipire. Anakonza mpango wawo kumutu, n'kunena akuyang'ana kumene minibasi zimachokera.

"Chizungu sindichidziwa bwino, achimwene, koma love ndimamudziwa."

"Achemwali, ndachitira ana."

"Ndikudziwa. Nanenso ndikanabwerera ndithu, ndikanapita kuti? Ndimangofuna munthu mmodzi amve."

Ine wodziwa mawu asanu a kutopa ndinangoimitsa minibasi yotsatira.

Sabata itatha anabwerera pa simbi, ndipo ali pomwepo mpaka lero. Wamkulu uja anamaliza sukulu, wachiwiri akumaliza chaka chino. Achibale amandiyamikira kuti ndinapulumutsa ntchito ya achemwali, ndipo iwo akakhalapo satsutsa. Timachezerana, timadyera limodzi pa Idi, ana anga amawakonda. Koma chaka chatha miyendo itayamba kuwatupa, anapita kukaonana ndi dokotala wina wachilendo yemwe samva Chichewa. Ndinawauza kuti ndipempha tchuthi kusukulu ndiwaperekeze, ndikawalankhulire.

"Ayi, achimwene, musavutike," anatero. "Ndikalozera ndi chala pamene pakuwawa."