Chaka Chimene Firiji ya Amayi Inakhala Chete

Ku Malota, mumzinda wa Livingstone, kumene ndinakulira, nyumba yathu inali ndi phokoso la mitundu iwiri. Loyamba linali mkokomo wa mathithi a Mosi-oa-Tunya, umene unkamveka chapatali mphepo ikamachokera kumtsinje. Lachiwiri linali kung'ung'udza kwa firiji yaikulu ya amayi, imene inatenga pafupifupi theka la chipinda chochezera. M'menemo amayi ankaziziritsa madzi a malambe, amene kwathu timati mabuyu, mpaka aundane m'timatumba ta pulasitiki, n'kukawagulitsa kumsika wa Maramba. Ndikukumbukira kafungo kowawasa ka malambe oviikidwa, ndi mmene zala zinkachitira dzanzi polongedza timatumbato m'mawa. Yunifolomu yanga ndi ndiwo za masiku ambiri zinkachokera m'firiji imeneyo.

Chaka china aphunzitsi anatifotokozera kuti magetsi amapangidwa ndi mphamvu ya madzi a mtsinje wathu womwewo. Ndinazimvetsa bwino, ndipo funsolo ndinalikhoza pamayeso. Chaka chomwecho mtsinje unadzaza kwambiri. Utsi wa mathithi unkaoneka tili pabwalo la sukulu, ndipo atate, amene ankayendetsa galimoto yonyamula alendo, ankabwera malaya atanyowa. Nthawi imeneyo ndi pamene wailesi inalengeza kuti mtengo wa magetsi wakwera. Mita ya magetsi ya pakhoma, imene inkalira mayunitsi akamatha, inayamba kulira msanga, kulira kopyapyala ngati kwa mwanapiye wosochera.

"Bana Mutinta, ichi chifiriji chidya malaiti maningi," anatero atate tsiku lina, akuitana amayi ndi dzina langa, podandaula za kuchuluka kwa magetsi amene firiji inkadya. "Tichizime chabe."

"Naimwe mumadya," amayi anayankha osatembenuka. "Nanga tinakuzimani?"

Ine ndinaona kuti akuluakuluwo akusowa mfundo imene ndinali nayo. "Batate, manzi ni yambili chaka chino. Malaiti yafunika kuchipa."

Atate anandiyang'ana n'kuyankha kuti: "Kafunse ba ticha bako."

Ndinakafunsadi. Aphunzitsi anapukuta choko m'manja mwawo mosamala, kenako anandiuza kuti funso limenelo silibwera pamayeso. Ndinabwerera kunyumba ndili ndi mfundo yolondola imene panalibe woitsutsa, komanso panalibe woigwiritsa ntchito.

Amayi analimbikira ndithu. Anakweza mtengo wa timatumba, ana asukulu n'kusiya kugula. Anayesa kumazimitsa firiji masana, koma kutentha kwa Livingstone sikumva zokambirana: malambe ankasungunuka, n'kusanduka madzi ofunda osagulitsika. Loweruka lina masana, popanda wowauza, anagwada kuseri kwa firiji n'kuzula pulagi okha. M'nyumba munagwa bata lachilendo, ndipo m'bata limenelo mathithi anamveka kwambiri kuposa kale. Ndinaima pakhomo ndikumvetsera madzi ochuluka chotero akugwa, osamvetsa kuti akugwera yani.

Firijiyo sinagulitsidwe. Inasanduka mosungira ufa ndi mabulangete, chifukwa makoswe sankatha kulowamo. Amayi anayamba kugulitsa makala, amene anthu ambiri anali atabwererako, ndipo zala zimene zinkachita dzanzi ndi kuzizira zinayamba kuda.

Lero zinthu zasintha. Ndinapita kuyunivesite, ndipo ndikhoza kufotokoza mwadongosolo za mtengo wa mawaya, za makina okalamba, ndi za magetsi ogula kunja. Posachedwapa kunagwa chilala, mathithi anatsala miyala yokhayokha mbali ya dziko lathu, ndipo mtengo unakweranso, ulendo uno chifukwa madzi achepa. Nditapita ku Malota ndinawafotokozera amayi zonsezi mofatsa, mfundo ndi mfundo. Anamvetsera akupinda bulangete, n'kuliika m'firiji muja.

"Manzi yakachuluka, malaiti yadula. Yakachepa, yadula," anatero. "Manje iwe wamene unaphunzira, niuze: yafunika yankhale bwanji kuti niyashe firiji?"

Ndinangowathandiza kutseka chivundikiro cha firijiyo.