A Mkamanyerere

Inali sikisi koloko m'mawa, tsiku langa lachitatu pantchito yokolopa, pamene ndinatsegula chipinda chakumapeto kwa khonde. Ndinapeza bambo wa imvi atawerama pa tebulo, diso lili pa galasi lokulitsira zinthu, atapana nyerere ndi kapani. Anaikhudza kumbuyo ndi kachubu koonda ngati tsitsi, kadontho n'kutuluka.

"Make mwana, sopo wakoyo athere pakhomo pomwepo," anatero osadzutsa mutu. "Undiphera abale anga."

"Abale ake ati, bambo?"

Analoza mabokosi agalasi khumi ndi awiri, onse odzaza nyerere.

Ntchito yawo inali yokama ululu wa nyererezo. Timabotolo tinkapita ku chipinda cham'mwamba, kwa akatswiri ofufuza mankhwala. Anthu ankawatchula kuti a Mkamanyerere, ndipo nthawi ya tiyi palibe ankakhala nawo pafupi, ati ankanunkha viniga. Ankamwera tiyi m'chipinda mwawomo. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana wawo mmodzi yekhayo amakhala kutali, foni amaimba akakumbukira.

Ine ndinazolowera kuima pakhomopo ndi mopu wanga, iwo akulankhula.

"Zofiirazi zili ndi mbola, zimabaya. Zakudazi zilibe, zimangopopera asidi, ndiye fungo akundinenera lija. Koma usamayese kuti ululu ndi wa ndewu yokha. Iwe wakoyo umam'sambitsa ndi chiyani?"

"Sopo."

"Basi, izi sopo wake ndi ameneyu. Zimatsukira ana awo kuti asachite chuku. Ukachenjera uzitengerako, khanda lako lisiye zipere."

"Aa, inu bambo, mukufuna apongozi anga andithamangitse?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Sindinawamvepo akuseka ndi munthu wina.

Pa zaka makumi awiri ndi ziwiri nyerere zinawabaya kosawerengeka, iwo ankangopukuta n'kupitiriza. Koma Lachiwiri lina ndinawapeza ali pansi, milomo itatupa, mpweya ukulira ngati wenzulo. Nyerere imodzi yokha inali italowa m'golovesi. Ndinakuwa mpaka alonda anabwera n'kuwanyamula kupita nawo kuchipatala.

Adokotala anati thupi lawo layamba kudana ndi ululuwo, ndipo ikadzawabayanso ina khosi likhoza kutsekeka. Abwana sanachitire mwina, anawauza kuti akapume kunyumba, m'chipindamo asadzalowenso.

Tsiku lotsanzika ndinawapeza ataima pakhomo, pamalo panga paja, atanyamula katoni ya kapu, juzi ndi wailesi. Ankayang'ana mabokosi aja chapatali. Mayi wina wophunzira amene analowa m'malo mwawo anali mkati, akulemba zake.

"Ameneyu ntchito akuidziwa," anandinong'oneza. "Kungoti nyererezi sazipatsa moni."

Ndinawalandira katoni ija mpaka pageti. Panalibe wina wowaperekeza, onse anali pa tiyi.

"Kunyumba mukazichita chiyani, bambo?"

"Kusesa. Ndikamaliza, kusesanso."

Basi itatulukira, anandigwira dzanja.

"Make mwana, m'bokosi lachitatu muli nyerere yaikulu, mayi wa zonse za m'menemo. Wakalamba ngati ine. Uzisuzumira ukamakolopa. Ndiye Lachisanu ukaweruka uzidzera kwathu, ndi nyumba ya chitseko chobiriwira kuseri kwa sitolo ya matayala, uzidzandiuza ngati akuikirabe mazira. Foni ayi, sindimva bwino. Uzibwera ndithu, ndi mwanayo. Makapu ndili nawo awiri."