Tsiku Limene Agogo Anakalipira Asilikali ku Fremantle

Ndikakumbukira agogo aamuna, ndimamva fungo la mbuliwuli za mu sinema ya ku Fremantle, kufupi ndi Perth ku Australia, losakanikirana ndi la mankhwala opaka m'mawondo, amene ankayamba kufika eni ake asanatulukire. Anabwera kudzationa kuchokera ku Ndirande ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo ankacheza pampanda ndi a Yusufu, nkhalamba ya ku Palestina yoyandikana nafe, ndi manja okhaokha, poti Chingerezi cha agogo chinkathera pa moni.

Loweruka lina a Yusufu anatiitanira filimu ya anthu akwawo akulimbana ndi atsamunda a Chingerezi, m'masiku a bambo awo. Amayi, popita kuntchito kuchipatala, anandikoka khutu: "Ukandichititsa manyazi kwa a Yusufu, foni uiiwale."

M'sitima ndinawanong'oneza agogo kuti mwambo wakuno ndi wakuti wamkulu pa onse amafotokozera filimu mokweza, ngati m'mavidiyo a ku Ndirande, ndipo akakhala chete azungu amati ndi wamwano.

"Anthu olongosoka amenewa," anatero, n'kukonza pakhosi.

Magetsi atazima anayambira pa bulu wa mufilimumo. "Taonani buluyo, akudziwa kanthu ameneyo." Mzungu wina anacheuka n'kuti shii, agogo n'kumugwedezera mutu, kuthokoza. Ine nthiti zikupweteka ndi kuseka.

Koma asilikali a makabudula atatulutsa banja panja n'kuphulitsa nyumba, agogo anaimirira.

"Ndi omwewa! Makabudula ake omwewa anatentha nyumba ya agogo anga chifukwa cha msonkho. Iwe wandevu, usawapatse madzi."

Panabwera mlonda ndi tochi, ine n'kutsanzikana nayo foni yanga chamumtima. A Yusufu anamukwezera dzanja kuti adikire, n'kundifunsa zomwe agogo akunena. Ndinamasulira. Atamva, nawonso anadzuka n'kuyamba kuwalalatira asilikaliwo m'Chiarabu. Mlonda uja anatitulutsa tonse atatu.

Foni inapulumuka, chifukwa a Yusufu anauza amayi kuti filimu sinawakomerepo chonchi, ndipo mathero ake ankawadziwa kale. Chilango chinadzera kwina: Loweruka lililonse mpaka agogo kubwerera, ndinkapanikizika pakati pawo pasofa kumasulira, a Yusufu akuyamba m'Chingerezi n'kumalizira m'Chiarabu.

Za mwambo uja agogo amakhulupirirabe, ndipo sindiwasokoneza. Ku Ndirande amauza anthu kuti azungu a ku Perth amalemekeza akuluakulu, kungoti zoona zimawawawa. Ine ndinatsala ndi matukwano a Chiarabu, ndipo aphunzitsi a masamu amayesa ndikuwapatsa moni.