Manja a Mwana Wanga M'mafoni a Eni

Mwana wanga wamkazi anali wamanzere. Pomuphunzitsa kuluka, ndikamukhazika pambali panga zonse zinkamusokonekera, choncho ndinkamukhazika kutsogolo, mawondo athu atagundana, iye n'kumatsanzira manja anga ngati akudziyang'ana pagalasi. Nthawi imeneyo tinkakhala m'malayini a esiteti, ine ndikuthyola tiyi. Chiperoni chikabwera ana onse m'malayinimo ankatsokomola, ndipo chipewa chaulusi chinkafunika kuposa nsapato.

Sanachedwe kundipitirira. Ine ndinkadziwa zipewa zosalala basi, koma iye anapeka maluko akeake: masamba awiri ndi kansonga pakati, monga timathyolera tiyi, kuzungulira chipewa chonse. Atakula n'kugula foni, anayamba kujambula manja ake akuluka, mzere ndi mzere, n'kumalemba mawu pansi pa chithunzi chilichonse. Zithunzizo akaziika pamodzi ankazitcha patani. Amayi a ku Limbe ndi ena akutali ankagula, iye n'kuwatumizira pa foni. Pamwamba pa pataniyo panali dzina lake. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma dzina limenelo ndimalizindikira ngakhale lili patali.

Katsekedwe ka pamwamba pa chipewa sanakaike m'zithunzimo. Nditamufunsa anati, "Amayi, zinthu izi anthu amapatsana ngati moto. Amene wagula kwa ine ndimamuimbira ndekha, n'kumuuza motsekera."

Ndinamuseka. "Ndani angabe chithunzi cha manja ako? Akachita nacho chiyani?"

Anadwala m'dzinja, tiyi atachuluka m'minda, ndipo mvula isanathe tinamuika m'manda.

Titameta, achimwene anga, amene ndi mwini mbumba, anayala mphasa pabwalo kuti agawe katundu wa malemu. Nsapato, madiresi ndi mapoto zinapita kwa abale. Ine anandipatsa singano zolukira, ulusi umene unatsala, ndi chitenje chimodzi chobiriwira chimene ankakonda kuyala pamiyendo poluka. Foni anapatsa mwana wa mng'ono wanga wa ku Khwethemule, chifukwa ndiye anamudwazika kuchipatala. Zinali zoyenera, ndipo ndinavomera. Palibe amene anafunsa za zimene zinali m'kati mwa foniyo. Ife katundu amene timamudziwa ndi woika pamphasa. Chosagwirika ndi manja sitinachigawe, sitinachiletse, sitinachitchule n'komwe.

Chiperoni chitabweranso ndinapita ku Bvumbwe kukagula mbewu ya kabichi. M'mbali mwa msewu munali mayi wina wogulitsa tomato, akuluka, foni ili pamiyendo. Pachingwe kumbuyo kwake anapachika zipewa za ana. Ndinaona masamba awiri ndi kansonga. Koma pamwamba zipewazo zinali zokwinyika, ngati kukamwa kwa thumba lomanga ndi luzi.

"Mayi, zipewazi mwaluka nokha?"

"Ndekha, amayi. Sankhani, mdzukulu asazizidwe."

"Malukowa munawaphunzira kuti?"

"Pa foni pompano. Zili mbwee m'magulu athu, zaulere. Taonani."

Anandiyandikizira foniyo. Munali manja a mwana wanga. Singano inali kumanzere. Pachala chachikulu panali chipsera chimene anadzicheka ndi mpeni wodulira tiyi ali wamng'ono. Pansi pa manjawo panali chitenje chobiriwira, chomwe ndinali nditavala tsiku limenelo. Ndinayang'ana pamwamba pa pataniyo. Dzina lake panalibe. Panali dzina lina lalitali, ndi kaduwa pambali pake.

"Wamanzere ameneyu amatizunza," anatero mayiyo akuseka. "Timachita kuganiza mobwerera. Ndiponso ngwaumbombo, kotsekera sanaonetse."

"Ndi mwana wanga," ndinatero. "Anatisiya."

Anayang'ana chithunzi, n'kuyang'ana chitenje changa, n'kuika singano pansi. Anati pepani, ndipo anafuna kundipatsa tomato. Sindinalandire. Ndinakwera minibasi, mbewu ya kabichi osagula.

Lamlungu ndinapita ku Khwethemule. Mwana wa mng'ono wangayo sanakane.

"Amayi aakulu, foni munandipatsa pamaso pa anthu. Ndinatumizira amayi a kumpingo kwathu kuti asamuiwale. Dzina linalipo, ndikulumbira."

"Nanga analichotsa ndani?"

"Sindikudziwa. Iwo anatumizira ena, enawo n'kutumiziranso ena."

Anayamba kulira, ndipo ine ndinasowa pokwiyira. Uyu ndi mwana amene anachapa zovala za malemu kuchipatala. Achimwene nditawafotokozera anangoti, "Achemwali, chimene chagawidwa pamaliro sachilondola." Ananena zoona. Koma ine sindinkalondola foni.

Mwana wanga anali ndi mnzake ku Nchilamwela, nayenso wopanga mapatani. Ndinapita kukamufunsa ngati pali kumene munthu angakadandaule. Anaseka, koma kosakondwa.

"Amayi, tonse anatibera. Wina tsopano amalemba dzina lake pamanja penipeni, chithunzi chilichonse, mpaka ulusi suoneka. Wina anangosiya, akugulitsa kaunjika. Ine ndikalemba m'gulu kuti chonde chotsani, ndi ntchito yanga, amachotsa ineyo."

"Ndiye nditani?"

"Katsekedwe mumakadziwa?"

"Anandionetsa."

"Musauze munthu. Zipewa zawo zizikhala zokwinyika choncho, aphunzire."

Ndinamvera. Ndinakhala nako katsekedweko ngati mbewu yobisa m'chigubu. Koma zipewazo zinafika mpaka kwathu. Pamalo oyezera tiyi ndinkaona makanda kumsana atavala masamba awiri ndi kansonga, pamwamba pali chibuma. Tsiku lina, tili pamzere ndi madengu athu, ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Patani ya wamanzere uja njolakwika, sankadziwa kumaliza." Sanadziwe kuti ndine mayi wake. Mawu amenewo anandipweteka kuposa dzina lachilendo lija. Dzina anamulanda, tsopano amati sankadziwa ntchito yake, ndipo mwiniwake sangadzuke kuti ayankhe.

Ndinabwerera ku Bvumbwe ndi singano zake. Mayi wa tomato uja anandizindikira, n'kuimirira.

"Khalani," ndinatero. "Osati pambali. Apa, kutsogolo kwanga."

Tinagundanitsa mawondo. Ndinamuuza kuti ndimuonetsa motsekera, ndipo apemphe mnzake wogulitsa anyezi ajambule vidiyo, aitumize kulikonse kumene pataniyo inafika. Koma ndinati poyamba nditchula mwini wake.

"Adzadula poyambapo, amayi," anatero wa anyeziyo. "Anthu ake ndi omwewo."

"Jambulani basi."

Ndinatchula dzina la mwana wanga, ndi kuti anali wa m'malayini a tiyi ku Thyolo. Kenako ndinayamba kuluka. Pofika pokokera ulusi womaliza, pamene masamba onse amakumana pamwamba n'kugona bwino, ndinalitchulanso, singano ikuyenda. Sindinakonzekere zimenezo. Linangotuluka, chifukwa pamenepo ndi pamene iye ankandigwira dzanja kuti ndisakoke kwambiri.

Mnzake wa ku Nchilamwela atamva sanakondwe. Anati ndapereka chomaliza chimene tinali nacho, ndipo akuba ndawapatsa mphoto. Mwina akunena zoona. Sabweranso kwathu monga kale, ndipo ndimamusowa, chifukwa ndi yekhayo amene ankandiuza nkhani za mwana wanga zimene ine sindinkazidziwa.

Miyezi itapita ndinamva mawu anga akuchokera pakhonde la nyumba ina m'malayini. Atsikana awiri ankaonera pa foni, ulusi uli m'manja. Ndinaima kuseri kwa mpanda. Poyamba paja anadulapodi. Vidiyoyo inkayambira pamene ndagwira kale singano. Ndinadikira mpaka pokokera ulusi womaliza. Dzina linamveka. Pamenepo sakanadula popanda kutaya katsekedwe.

"Akuti ndani?" anafunsa mmodzi.

"Kaya. Bwezera, sindinaone mmene akokera."

Anabwezera, dzina linamvekanso. Pa patani ija dzina lachilendo ndi kaduwa kake zikadalipo, ndipo sindidziwa mwini wake. Zipewa za m'malayini tsopano zimatsekeka bwino. Ndikakumana ndi khanda lovala masamba awiri, ndimapempha mayi wake kuti ndigwireko pamwamba, ndipo akandifunsa chifukwa chake ndimamuuza dzinalo.