Nyimbo Zimene Ndinadumphitsa pa Tepi ya a Kerr

Ntchito yanga yoyamba ku Glasgow anandipezera ndi a Chirwa, mkulu wa mpingo kutchalitchi kwathu ku Maryhill. Ndinali nditabwera kudzaphunzira za makompyuta, ndipo ndinali nditatha miyezi iwiri ndikulemba makalata ofunsira ntchito popanda wondiyankha. Lamulungu lina tikumwa tiyi kuholo titaweruka mapemphero, anandikokera pambali.

"Dalitso, deki ya vidiyo umaidziwa?"

Ndinati ndimaidziwa, pakuti amalume anga anali ndi nyumba yoonetsera vidiyo ku Ndirande.

"Basi, mawa upite ku Partick. Kuli mzungu wina amakonza zamagetsi kutchalitchi kuno, akufuna munthu. Usakachedwe, ameneyo nthawi ndi nthawi."

Shopuyo inali yaing'ono, pansi pa nyumba zosanja za miyala yofiirira, pafupi ndi siteshoni. Mwini wake anali a Duncan, bambo wa imvi, wosalankhulalankhula. Ntchito yake inali yosamutsa zithunzi za pa matepi akale kuziika pa kompyuta. Anthu ankabwera ndi matepi m'zikwama, ena atawapeza m'kachipinda ka kudenga makolo awo atamwalira, ndipo ife tinkawabwezera zonse pa fulashi.

Kuseri kunali madeki asanu ndi imodzi pa shelefu. Deki iliyonse inkalumikizidwa ku kabokosi kowongola chithunzi kuti chisamanjenjemere, ndipo kuchoka pamenepo chingwe chinkalowa mu kompyuta. Tepi ikafika, choyamba unkaiyang'ana pagalasi lake. Ukaona timadontho toyera pa riboni, chimenecho chinali chuku, ndipo tepi yotere sinkalowa mu deki yabwino. Unkavala masiki, kumasula masikuluwu asanu akumsana kwake, kuchotsa mawilo awiri a riboni, ndi kuwayendetsa pang'onopang'ono pa deki yakale yopanda chivindikiro, riboni ikudutsa pakansalu kofewa konyowetsa ndi sipiriti. Kenako unkaiika m'chigoba chatsopano. Mitu ya deki, imene imawerenga riboni, tinkaipukuta m'mawa uliwonse.

Kujambulako kunalibe njira yachidule. Tepi ya maola atatu inkatenga maola atatu. Tsiku loyamba lomwe, a Duncan anandipatsa lamulo limodzi.

"Ujambule tepi yonse, kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto. Usadumphitse kanthu. Matepi ena amangokupatsa mwayi umodzi."

Ndinkaganiza kuti ndizidzaonera maukwati ndi maubatizo okhaokha. Analipo ndithu, koma chimene chinali chochuluka pa matepiwo chinali pulogalamu ya nyimbo ya pa TV, ija yowerenga nyimbo zimene zagulidwa kwambiri sabata imeneyo, kuchokera kumunsi mpaka nambala wani. Zikuoneka kuti m'zaka za m'ma 80 nyumba iliyonse inali ndi mwana wodikira pulogalamuyi chala chili pa batani lojambulira. Unkaona muulutsi wa tsitsi lofutukuka atazunguliridwa ndi atsikana, utsi ukufuka pansanja, anyamata opaka milomo akuimba magitala osalumikiza n'komwe kumagetsi. Woimba ankangoyendetsa milomo, nyimbo ikulira payokha. Wina ankaiwala n'kutseka pakamwa mawu ake akumvekabe.

Poyamba zinkandiseketsa. Patapita miyezi itatu ndinapezeka ndikuziimba mu basi. Ndinadziwa nyimbo imene inakhala pa nambala wani masabata ambirimbiri, chifukwa ndinaipeza pa matepi oposa makumi awiri. Ndinadziwanso zina zimene zinangoonekera kamodzi kumunsi n'kuzimiririka. A Duncan ankatha kungomva kuyamba kwa ng'oma ali kukauntala, n'kufuula dzina la gulu ndi nyengo imene nyimboyo inatuluka. Ine zinkandikumbutsa Loweruka masana ku Chilomoni, tili mulu pakhonde la aneba, tikumvera wailesi, kudikira kumva ngati nyimbo ya kwathu iposa ya ku Joni kapena ayi.

Komabe m'mutu mwanga nyimbozo zinali zinyalala. Makasitomala ambiri ankati, "Za pa TV zo muchotse, tikufuna za banja zokha." Ndiye ndinazolowera kujambula zonse, kenako kudula nyimbo pa kompyuta.

Disembala atayandikira, ntchito inachuluka. Aliyense ankafuna kupereka fulashi ngati mphatso ya Khirisimasi. Matepi anadzaza makatoni mpaka pakhomo la kuchimbudzi. Sabata ina a Duncan anapita ku Inverness kukaika maliro a mlongo wawo, n'kundisiyira makiyi.

Lachiwiri kunabwera bambo wina wachikulire, wamtali, manja ake akuluakulu okhakhala. Anati dzina lawo ndi a Kerr, a ku Springburn, ndipo kale ankagwira ntchito kufakitale yokonza sitima zapamtunda. Anatulutsa tepi imodzi m'thumba la jekete, yokutidwa ndi mpango. Papepala lake panalembedwa kuti ukwati wa Alec ndi Jean. Kalankhulidwe kawo kanali ka Glasgow kenikeni, kothamanga, ndipo nthawi imeneyo ndinkangotolapo theka. Ananena zinthu zingapo, ine n'kumangogwedeza mutu. Pafomu ndinalemba kuti "ukwati", ndi kuwauza kuti abwere Lachisanu.

Tepiyo inali ndi chuku chambiri. Ndinaitsuka monga mwa nthawi zonse. Pomasula chigoba ndinaona kuti kabowo kakumsana, kamene kamatsala akathyola kachidutswa kake kuti munthu asajambulenso pa tepi, kanali komatidwa ndi selotepi yachikasu chifukwa cha kukalamba. Sindinaganizepo kanthu.

Ukwati unayamba bwino, mkwatibwi akutsika m'galimoto mvula ikuwaza. Patangotha mphindi khumi ndi ziwiri, chithunzi chinang'ambika, n'kutulukira muulutsi uja wa tsitsi lofutukuka. Munthu wina anajambula nyimbo pamwamba pa ukwati. Ndinayang'ana makatoni odikira, ndinayang'ana wotchi. Ndinaimitsa kompyuta, n'kudina batani lothamangitsa tepi. Ndinathamangitsa mphindi pafupifupi makumi anayi mpaka ukwati utabwerera, anthu ali kale pa madyerero. Ndinalumikiza zigawo ziwirizo bwinobwino, ndipo ndinadziona kuti ndagwira ntchito yaukhondo.

Lachisanu m'mawa a Kerr anafika shopu itangotsegulidwa. Ndinawakhazika pampando, n'kuwaonetsa pa sikirini ya pakauntala. Ndinawafotokozera mwaulemu kuti mwatsoka pakati pa ukwati panafufutika, koma zosafunikazo ndazichotsa.

Anayang'ana sikirini nthawi yaitali.

"Nyimbo zili kuti?"

"Ndazichotsa, bambo. Munthu wina anajambula pamwamba."

"Ndikudziwa. Anajambulayo ndi mwana wanga. Mwana iwe, ndinakuuza Lachiwiri kuti ndikufuna nyimbozo. Ukwati ndiutani? Alec ndi mng'ono wanga, ndipo banjalo linatha kalekale."

Ndinawapempha kuti abwereze zimene ananena tsiku lija, koma pang'onopang'ono. Anabwereza.

Mwana wawo wamkazi, Moira, anali ndi zaka khumi ndi zitatu pamene anamata kabowo kaja ndi selotepi n'kujambula nyimbo zake. Tepiyo inali yobwereka kwa Alec, ndipo inalipo imodzi yokha. A Kerr anakalipa koopsa, namuletsa kuonera pulogalamuyo chaka chonse. Anati kuchokera pamenepo iwo ndi mwanayo sanayanjanenso kwenikweni. Tsopano Moira, mayi wa zaka zopitirira makumi asanu, anali m'chipatala atagwidwa ndi sitiroko. Mawu anali atamuthawa. Koma namwino wophunzitsa kulankhula anawauza kuti odwala otere nthawi zina amatha kuimba ngakhale akulephera kuyankhula, makamaka nyimbo zimene ankazikonda ali ana. Anawafunsa kuti Moira ankakonda nyimbo ziti.

Ndinati nyimbo zakalezo zilipo pa intaneti, tikhoza kuzipeza lero lomwe.

"Ziti?" anandifunsa. "Sindikudziwa dzina la nyimbo ngakhale imodzi. Masiku amenewo ndinkangomuuza kuti achepetse phokoso. Pa tepiyo ankaimitsa ikabwera nyimbo yosamusangalatsa. Zimene zilipozo anasankha yekha."

Ndinawauza zoona, kuti chigawocho sindinachijambule n'komwe, ndipo ndiyenera kuiyendetsanso tepiyo. Ndinawapempha kuti abwerenso cha m'ma folo. Anadzuka osatsanzika.

Ndinabweza tepi mpaka poyambira nyimbo, n'kuyamba kujambula. Nyimbo yoyamba inadutsa bwino. Yachiwiri ili pakati, chithunzi chinadzaza mizere, kenako deki inalira ngati munthu akutafuna pepala. Ndinazula pulagi kukhoma nthawi yomweyo. Nditatsegula chivindikiro ndinapeza riboni itakulungika pa mutu wa deki, itakwinyika, ndipo pena itaduka. Kuthamangitsa kwanga kuja kunali kutaikoka riboni yofookayo n'kuipinda m'mphepete.

Ndinaimbira foni a Duncan. Anali asananyamuke ku Inverness. Ndinawauza zonse osabisa. Iwo anandiuza zochita.

"Zokalipa tidzakamba ndikabwera. Usaikoke. Tenga tithonje, uzungulitse mutuwo ndi chala cham'mbuyo mpaka riboni imasuke yokha. Dula pokhapo pamene pafa. Ndipo polumikizapo pasadutse pa mutu, wamva? Ujambule zigawo ziwiri."

Kumasula riboniyo kunanditengera ola lathunthu. Itamasuka ndinaigoneka pa kachitsulo kodulira, kokhala ndi mpata wolingana ndi riboni. Ndinadula ndi lezala mbali zonse ziwiri za pokwinyikapo. Chimene ndinataya chinali chotalika ngati chikhatho changa, kutanthauza masekondi osakwana khumi. Ndinalumikiza nsonga ziwirizo ndi kaselotepi kake kapadera, kumsana kwa riboni, osati kumene kumakhala chithunzi. Kenako ndinapukuta mitu ya deki ina, imene a Duncan ankati ndi yofatsa kuposa zonse, ndipo ndinazungulitsa mawilo ndi dzanja mpaka polumikiza paja patadutsa.

Ndinadina batani. Chithunzi chinagwedezeka kamodzi, n'kukhazikika.

Mphindi makumi anayi zimenezo sindinachoke pampando. Foni ya pakauntala inalira kawiri, ndinaisiya. Aka kanali koyamba kuonera nyimbozo ngati zinthu za munthu. Panali nyimbo khumi ndi imodzi, za masabata osiyanasiyana, chifukwa muulutsi ankasintha malaya. Nyimbo yotchuka ija ya pa nambala wani Moira anaidula itangoyamba. Koma panali ina yodekha, ya mtsikana woimba piyano atavala chipewa chachimuna, imene inali kumunsi kwenikweni kwa mndandanda. Imeneyo anaijambula kawiri, masabata awiri otsatizana. Dzina la nyimbo iliyonse likaoneka pansi pa sikirini, ndinkalilemba papepala ndi zilembo zikuluzikulu.

A Kerr anafika folo isanakwane. Ndinawapatsa fulashi, tepi yawo, pepala lija, ndi kachidutswa ka riboni kokwinyika mu envulopu. Ndinawauza kuti masekondi amenewo atayika chifukwa cha ine, ndipo ndi a nyimbo yachiwiri. Envulopuyo anaiika m'thumba osaitsegula. Pepalalo analiwerenga lonse ataliyandikitsa kumaso, milomo ikuyenda.

"Iyi bwanji yalembedwa kawiri?"

"Anaijambula kawiri, bambo. Muyambire imeneyo."

A Duncan atabwera Lolemba anandikalipira monga analonjezera, kwa mphindi ziwiri zokha. Kenako anatenga fomu yathu n'kuwonjezerapo mzere ndi bolopeni: "Mukufuna chiyani pa tepiyi?" Anati ndizifunsa kasitomala aliyense, ndipo ndizibwereza yankho lake mokweza mpaka atavomera kuti ndamva.

"Ngati sunamve, nena kuti sunamve. Ngakhale ine anthu a ku Springburn sindiwamva onse."

Mu Febuluwale a Kerr anadutsanso pashopu. Sanabwere ndi tepi. Anaima pakauntala chipewa chili m'manja, nati Moira sanayambe kulankhula bwino, mwina sadzayambanso. Koma nyimbo ya piyano ija anaiimba kolasi yake yonse, mawu onse omveka, ndipo iwo atayesa kumuthandiza anawaseka chifukwa chophonya.

"Zaka zonsezi sanandisekepo," anatero. "Tsopano ndikuiphunzira."

Ndinagwira pashopupo chaka ndi theka. Lero ndimagwira ntchito kukampani ina m'tauni, yosamutsa mafayilo a mabungwe kuchoka m'makompyuta akale kupita m'atsopano. Nthawi zambiri pamapezeka zinthu zooneka ngati zosafunika, ndipo anzanga amafuna tizisiye kuti timalize msanga. Ine ndimasamutsa zonse kaye, kenako ndimapita kwa mwini wake kukafunsa. Amandinena kuti ndine wochedwa, ndipo n'zoona. Koma chinthu chikakhala cha mwini, si ine wodziwa kuti zinyalala ndi ziti.