Chaka chimene ndinabwereketsa dzina langa

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi, ndili Sitandade 8, pamene dzina langa linatchuka m'mapiri onse a kuseri kwa Kasakula ine mwiniwake nditangokhala pansi. Chinali chaka cha chisankho. Mkulu wina wofuna uphungu, amene tinali tisanamuonepo pa maliro ngakhale amodzi kwathu kuja, anakumbukira mwadzidzidzi kuti ana amakonda masewera. Anaika chikho cha mpira wa manja, uja timati ntchemberembaye, choti sukulu za pulayimale zilimbirane. Lamulo linali limodzi lokha: osewera akhale ana a sukulu enieni, maina awo alembedwe pa pepala losainidwa ndi ahedi.

Ine ndinali wamtali, choncho dzina langa linalowa pa pepalalo. Koma utali wokha sumwetsa chigoli. Mpira unkandipulumuka m'manja ngati sopo, ndipo aphunzitsi athu a zamasewera, a Mwale, ankangogwira kumutu akandiona ndikuponya.

Kumunsi kwa sukulu yathu kunali esiteti ya fodya, ndipo kumeneko kunkakhala mtsikana wina dzina lake Felesiya. Makolo ake anali matenanti ochokera ku Mulanje. Sukulu analekezera Sitandade 3 kuti azithandiza kusoka fodya. Pa mzati wa chigafa chopachikamo fodya anakhomapo ndowa yobooka kunsi, ndipo akaweruka ankaponyamo mpira wa mapepala, kakhumi konse osaphonya. A Mwale anamuona tsiku lina akudutsa pa njinga, ndipo Loweruka lomwelo anafika kwathu.

Bambo anga anali mkulu wa mpingo, munthu amene ankatikwapula tikanama ngakhale za nzimbe imodzi.

"Tabwera kudzabwereka dzina la Lusiya," anatero a Mwale. "Masabata atatu okha. Chikhochi tikachitenga, mwina bwanayo n'kutiganizira malata a kalasi ija inasasuka."

Ine ndinkadikira kuti bambo awathamangitsa.

"Dzina silitha ngati mchere," anayankha. "Bwerekani."

Kuyambira Lolemba, a Mwale ankatiimika awirife kuseri kwa kalasi n'kumaitana kuti, "Lusiya!" Felesiya ndiye ankayenera kuvomera, ine osacheuka n'komwe. Ndikacheuka, kachikwapu ka pichesi kankatera m'miyendo. Ndinaphunzira msanga, pajatu ndinali mwana womvera. Felesiya anavala yunifomu yanga. Manja ake anali akuda ndi utomoni wa fodya, ndiye ankawakwecha ndi mchenga ndi mandimu mpaka kusupuka, kuti anthu asamutulukire. A Mwale anamuuzanso kuti asamayankhuleyankhule, kuopa kuti kalankhulidwe kake ka kummwera kangamugwiritse. Iye sanadandaule. Ankandiseka kuti, "Dzina lakoli n'lopepuka, limalumpha bwino."

Tinagonjetsa sukulu zinayi. Mpikisano womaliza unachitikira pa Kasakula, tsiku la msika, nyengo ya mvula itangotha kumene. Bwalo linali la dothi lofiira la timiyala, mizere yake ya phulusa. Amayi ovala nsalu zojambulidwa nkhope ya mkulu uja anazungulira bwalo, n'kulowetsa dzina langa m'nyimbo zawo za kampeni. Ine ndinakhala pambali nditanyamula chitenje cha Felesiya ndi botolo la madzi, ndipo ndisaname, mtima unkandikoma ngati zigolizo ndikumwetsa ndine.

Kutatsala pang'ono kuti masewera athe, ife tikutsogola ndi zigoli ziwiri, Felesiya analumpha kuti awakhe mpira. Wina anamugunda ali m'mwamba, ndipo anatera mwendo umodzi pa kamwala. Bondo linalira ngati phesi louma likathyoka. Kulira kumeneko ndimakumvabe.

Dalaivala wa mkulu uja anathamangirapo. "Tiyeni naye kuchipatala ku boma, galimoto ilipo," anatero. "Makolo ake ali kuti? Abwere ndi buku lake la kuchipatala."

Aphunzitsi a sukulu inayo, amene anali akung'ung'udza kuyambira m'mawa kuti mtsikanayu si wa sukulu, anasendera pafupi. Buku la kuchipatala likanaulula zonse, chikho n'kupita.

"Wangobinya ameneyu," anatero a Mwale. "Madzi otentha akathana nazo kunyumba."

Felesiya, ali gone pa fumbi, anandifunafuna ndi maso. "Lusiya," anaitana. "Lusiya, kawaitane amayi." Anthu anaganiza kuti ululu wamusokoneza mutu, akudziitana yekha. Ine ndinali pomwepo, mapazi asanu okha, chitenje chake chili m'manja mwanga. Anaitana kachitatu. Sindinacheuke. Palibe amene anandigwira pakamwa, ndipo kachikwapu ka pichesi kanali katatsala kusukulu. Ndinangoyang'ana kumapiri monga anandiphunzitsira.

Anamukweza pa njinga n'kumudutsitsa njira ya kuseri kwa msika. Chikho tinatenga. Malata sanabwere.

Chimene chinabwera, mkulu uja atapambana chisankho, inali kalata. Inkanena kuti mwana amene anamwetsa zigoli zambiri, Lusiya Kamtedza, adzamulipirira sukulu ya sekondale mpaka amalize. Bambo anatisonkhanitsa tonse, tinagwada, iwo n'kuthokoza Mulungu. Atanena ameni ndinati, "Koma bambo, zigoli zija si zanga."

"Nanga Felesiyayo angalowe Fomu 1 ndi Sitandade 3 yakeyo?" anandifunsa. "Tikakana, mwayi umenewu upita kwa ndani?"

M'mawu amenewo munalibe bodza, ndipo n'chifukwa chake ndimadana nawo mpaka lero. Mayeso ndinakhoza, ndipo kusekondale ndinapita.

Bondo la Felesiya silinapole. Analithowa ndi madzi otentha, analitema mphini, koma linangouma lili lopindika. Msika wa fodya utatha, mwini esiteti sanawalembenso makolo ake ntchito, akuti banjalo manja achepa. Tsiku loti mawa lake anyamuka, Felesiya anakwera chitunda cha kwathu akutsimphina ndi ndodo, kudzabweza yunifomu. Inali yochapa ndi yopinda bwino.

"Paphewapa inang'ambika, ndasoka," anatero. Anayang'ana nkhuku pabwalo, kenako anafunsa, "Tsiku lija sunandimve?"

"Kunali phokoso," ndinayankha.

Anangogwedeza mutu ngati wavomereza, n'kuyamba kutsetsereka. Ndikanakonda akananditukwana. Ndinaima pakhonde ndi yunifomu ija mpaka ndodo yake inasiya kumveka pa miyala, ndipo sindinamuonenso.

Lero ndine mphunzitsi wamkulu pa sukulu ina cha ku Dzoole, m'boma la Dowa. Chaka cha chisankho chikafika, zikho zimabweranso ndi nsalu zake ndi nyimbo zake, ndipo pepala la maina limafika patebulo langa kuti ndisaine. Ndimatuluka nalo panja, kuitana dzina lililonse, n'kuyang'ana amene wacheuka. Ndimayang'ananso manja. Aphunzitsi anga amati ndine wouma mtima, n'chifukwa chake sukulu yathu siwina kanthu. Anene.

Ndayesapo kumufunafuna Felesiya. Ndikakumana ndi munthu wa ku Mulanje ndimafunsa, koma amandifunsanso kuti Felesiya ndani, wa mudzi uti. Iye anasenza maina anga onse awiri kwa masabata atatu, koma la bambo ake palibe mmodzi mwa ife anaganiza zolifunsa.

Chimene ndikuchidziwa tsopano n'chakuti masewera aja sanali a ife ana. Akuluakulu onse anatolapo kawo, inenso ndinatolapo moyo wonse umene ndili nawowu, ndipo amene anazunzika ndi yekhayo amene sanalembedwe pa pepala lililonse. Bambo anga anamwalira akukhulupirira kuti dzina silitha. Langa silinabwerere lonse. Mpaka pano, munthu akaitana kuti "Lusiya" pamsika kapena potuluka m'tchalitchi, sindicheuka msanga. Ndimayamba ndadikira kaye, kuti mwina mwini wake avomera.