Gule Wothera Pakati

M'nyumba yoyandikana ndi ya Sreyneang, mumzinda wa Long Beach, mumakhala agogo ena amene amaphunzitsa atsikana gule wa kwawo wa Chikhmer m'galaja. Akagwira dzanja la mwana aliyense, ngakhale khanda la Sreyneang, amayamba kupindira tizala kumbuyo. "Zala zouma ngati nkhuni sizivina," amatero. Anzawo onse amene ankavina nawo kwawo ku Phnom Penh anaphedwa m'nthawi ya ulamuliro wankhanza wa Khmer Rouge, ndipo pali gule wina amene agogowa amangomukumbukira mpaka pakati. Akafika pamenepo amaima, mwendo uli m'mwamba, n'kuuza ana kuti, "Basi, kadyeni." Nkhawa yawo ndi yakuti adzamwalira guleyo ali woduka.

Pa Chaka Chatsopano kukachisi kunabwera nkhalamba yoimba ng'oma yochokera mumzinda wa Lowell. Sreyneang anakhala kumbuyo, mwana ali m'manja. Atsikana a agogo anayamba kuvina gule uja, ndipo atafika pakati paja anaima, koma ng'oma sinaleke.

"Mwaimiranji?" inakalipa nkhalambayo. "Gule sanathe!"

"Amathera pompa, madala inu!" anayankha agogo.

"Kwa inuyo! Manja angawa akudziwa njira. Tadzukani, kapena mawondo anachita dzimbiri?"

Agogo anadzuka mwaukali. Ng'oma itagunda, phazi linatsika lokha, dzanja n'kutembenuka. Atasokonezeka penapake, mayi wina anakuwa m'khamumo, "Amayi anga ankagwada apa!" Agogo anagwada, ng'oma n'kuvomereza.

Sreyneang, munthu wosayankhula pagulu, anangozindikira akukuwa nawo.

"Atsikana inu, musangondiyang'ana kukamwa yasaa!" anatero agogo, misozi ili chuchuchu. "Tsanzirani msanga ndisanaiwalenso!"